Disiki Yosawoloka Kanyungu

Poti magetsi azima ndipo mbaula ikadali ndi makala, ndikuuzani. Mwakhala mukundiseka kuti ndimalankhula ndekha minibasi ikafika pa mlatho, ndiponso kuti kasitomala akabweretsa kompyuta yakale muno m'shopu ndimapatsira ena. Zinthu ziwirizi muzu wake ndi umodzi. Koma musandidule mawu, chifukwa ndikaima sindiyambanso.

Achimwene anga a Sositeni ankakhala ku Kawale, mu Lilongwe. M'kachipinda kawo ka lendi anakhoma mathireyi a mazira m'makoma monse kuti atchinge phokoso, n'kumajambula makwaya ndi anyamata ofuna kutchuka. Nyimbo zonse ankasunga mu kompyuta imodzi yakale, ija ya bokosi lotuwa ngati fupa. Anamwalira mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha, atangodwala pang'ono.

Kwathu ndi kuseri kwa Linthipe, mukasiya tala n'kulowa msewu wafumbi. Kumeneko maliro akamachokera kutali, munthu mmodzi amakhala pafupi ndi bokosi n'kumamuuza womwalirayo mtsinje uliwonse umene galimoto ikuwoloka. Amati wakufa saona njira, amatsata mawu. Pouma amatha kulondola anthu ake, koma pamadzi sawoloka asanauzidwe. Pamaliro a achimwene ntchitoyi anaigwira amalume a Chikaonda, mlongo wawo wa amayi. Ine ndinali m'lole momwemo, nditakhala pa katundu wa achimwene, kompyuta ili pakati pa miyendo yanga, yokulungidwa m'bulangete. Ndinkawaona amalume akugogoda bokosi ndi chala.

"Sositeni, tikuwoloka Nathenje."

Kenako Diamphwe. Kenako Linthipe. Titalowa msewu wafumbi amayi a mpingo anakweza nyimbo, fumbi likutilowa m'kamwa, mpaka tinafika.

Zinthu za womwalira sitizikhudza msanga. Kompyuta ija inakhala pakona m'chipinda changa, m'bulangete momwemo, mpaka mvula inagwa.

Amayi anga a Nangondo, amene anapuma ntchito ya uphunzitsi, sanalire kwambiri pamaliro, ndipo anthu anawatama kuti ndi olimba mtima. Kulira kwawo kunabwera mochedwa, mopanda misozi. Anayamba kusiya phala m'mbale. Kenako tiyi ankazizira m'kapu. Mphete yawo inayamba kuvuka yokha pachala. Tsiku lina ndikuwasisita miyendo anandifunsa.

"Eze, mawu a mlongo wako anali otani? Aakulu kapena aang'ono?"

Dzina langa lonse ndi Ezelina, koma iwo ankangoti Eze.

"Aakulu, amayi. Ankaimba besi."

"Ine ndikamuganiza ndikuona pakamwa pakuyenda, koma sindikumva kanthu. Nkhope ilipo. Mawu achoka." Kenako anati, "Anandiuza pafoni kuti wandijambulira nyimbo, abwera nayo pa Khirisimasi. Ili m'chibokosi chakecho. Si zomwezi unapita kukaphunzira ku koleji?"

"Ndiyesa, amayi. Koma idyani kaye."

"Ndikamumva ndidya."

Ndinaganiza kuti ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ndinafunyulula bulangete, n'kulumikiza sikirini, kiyibodi ndi masipika. Nditadina batani fani inazungulira, kompyuta inalira kamodzi monga imachitira ikakhala bwino, ndipo zilembo zoyera zinayamba kutsika pa sikirini yakuda. Inu mukudziwa mmene makina akale aja amadzukira. Asanachite chilichonse amafufuza kaye zimene zili m'mimba mwake, n'kumalemba dzina la chilichonse chimene apeza. Inapeza memore. Inapeza choliza ma CD. Itafika pa mzere wa hadi disiki, mmene munali nyimbo zonse, inaima. Inadikira nthawi yaitali, kachizindikiro kakuphethira, kenako inalemba kuti palibe.

Sindinade nkhawa. Kompyuta ikayenda pa lole m'mabampu a kwathu, zingwe zimakhwefuka. Ndinamasula chivindikiro cha m'mbali. Disiki inali m'malo mwake, yomangidwa bwino. Ndinazula chingwe chake chophwatalala chija, ndinauzira fumbi, n'kuchibwezera mpaka chinagwira mbali zonse. Ndinachita chimodzimodzi ndi chingwe cha moto. Ndinayatsa. Palibe. Ndinatenga zingwe za choliza ma CD, poti icho chinkapezeka, n'kuzilumikiza ku disiki. Palibe. Ndinalowa mu bayosi, muja mmene timauzira makina zoti afufuze, ndinailamula kuti isake yokha. Inasaka, inasaka, n'kubwerako chimanjamanja.

M'menemo ndi mmene ndinaona tsiku. Kompyuta yakale batire lake laling'ono lija longa batani la jekete likatha, imaiwala kalendala n'kubwerera ku chaka chimene inapangidwa. Iyi sinabwerere kumeneko. Inkasonyeza tsiku limene tinanyamula maliro, nthawi ya masana, ndipo wotchi yake sinkayenda. Ndinachotsa batire m'kasikelo ka amayi, poti ndi lofanana, ndinaikamo, n'kukonza tsiku. Nditayatsanso, tsiku la maliro linali pomwepo.

Kenako ndinachita zimene tonse timachita, kuika khutu pa disiki. Yamoyo imalira ngati njuchi yakutali. Yakufa imagogoda ngati wotchi. Iyi inkazungulira ndithu, ndinkamva kunjenjemera kwake pa tsaya langa, koma phokoso lake linali la madzi odutsa m'paipi yaikulu. Pansi pa madziwo, mwa apo ndi apo, munkamveka kugogoda kofewa, ngati chala pa thabwa.

Ndinazimitsa. Manja anga ankanunkha matope, chonsecho sindinatuluke panja.

Kumbuyo kwa disiki zakale kumakhala kachipewa kakang'ono kakuda kotchedwa jampa, kamene kamauza makina kuti disikiyi ndiyo yoyamba kapena yachiwiri. Madzulo amenewo ndinakachotsa kuti mawa ndikayese pena, n'kukaika pa sosala. Kutacha sosala inalipo, jampa palibe. Ndinasesa chipinda chonse. Ndinakapeza pakhomo lakunja, pa sitepe, kali m'kamulu ka mchenga wonyowa. Kwathu dothi ndi lofiira. Mchenga woyera wotero umapezeka malo amodzi okha, pa Kanyungu, kamtsinje kamene kamadula msewu wathu pakati pa mudzi ndi pamsika.

Amayi anandiitana ali pa mphasa.

"Wamupeza?"

"Ndatsala pang'ono, amayi."

"Usiku anthu amayenda kuseri kwa nyumba?"

"Ndi mbuzi za eni."

"Mbuzi sizitsokomola choncho," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Chotsala chinali kukayesa disikiyo pa makina ena, kuti ndidziwe ngati vuto lili mu disiki kapena mu kompyuta. Pamsika pali shopu ya fotokope imene inali ndi kompyuta ya msinkhu womwewo. Ndinakulunga disiki m'mpango, ndinaika m'chikwama, n'kuimitsa kabaza wa a Layisoni, bambo wa nthabwala amene amanyamula anthu a kwathu.

"Ainjiniya athu," anatero, "lero mwatuluka m'dzenje? Ife timati munakwatiwa ndi chiwailesi cha malemu chija."

Ndinangomwetulira, n'kukwera. Tinayenda iwo akulongolola za mitengo ya matayala. Titayandikira Kanyungu anasiya kulankhula. Madzi anali odzaza, ofiira, akunyambita m'mphepete mwa kalavati. Anapalasa mwamphamvu, mutu uli pansi, mpaka titakwera chitunda cha kutsidya.

"Achemwali, inu mwaphunzira, mundiuze," anatero osacheuka. "Munthu wavala suti yabwinobwino, koma kuphazi masokosi okha, n'kuima pansi pa mkuyu wa pamtsinje uja mvula ikumuthera pathupi. Ameneyo ndi wamisala?"

"Mwamuona liti?"

"Chiyambire mvula. Madzulo ndikamabwerera, m'mawa ndikamapita. Amaima tsidya lino, wayang'ana kumudzi kwanu. Dzana ndinaima, ndati bwana, kwerani ndikuwolotseni, simulipira. Iye akuti, kodi pano ndi pati? Ndati pano ndi pa Kanyungu. Akuti ayi, sanandiuze." Anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. "Ndati nanga ine sindikukuuzani? Akuti inu si wanga."

"Nkhope yake munaiona?"

"Mukudziwa, ndi zimene zikundivuta. Ndinamuyang'ana ndithu. Koma mukandifunsa, ndilibe choyankha."

Ku shopu ya fotokope mayi mwini shopuyo anandilola kutsegula kompyuta yawo. Ndinalumikiza disiki ya achimwene, n'kuyatsa. Sinadikire n'komwe. Dzina la disiki linatuluka pa mzere wake nthawi yomweyo, ngati mwana woyankha dzina m'kalasi. Ndinatsegula. Makwaya onse analimo, maukwati, anyamata aja. Pamwamba penipeni panali foda yolembedwa kuti YA MAYI, ndipo m'kati munali nyimbo imodzi. Pashopupo panalibe masipika, choncho sindinaimve. Ndinaikopera pa fulashi, ndinatsimikiza kuti yalowadi, n'kuzula.

Pobwerera ndinalonjeza mumtima kuti sindiyang'ana ku mkuyu. Koma diso limaba. Ndinaona msana wokha, ndi phewa lakumanzere lotsika pang'ono, monga limakhalira la munthu amene wanyamula gitala zaka zambiri. Sindinayang'anenso kachiwiri. Matayala atagunda kalavati, chikwama changa chinapepuka pamwendo, ngati wina wachotsamo kanthu. Ndinapisamo dzanja. Disiki inalimo, fulashi inalimo.

Kunyumba ndinalowetsa fulashi mu wailesi ya amayi. Iwo anadzuka okha pa mphasa, koyamba m'masiku ambiri, n'kukonza duku. Wailesi inafufuza. Munatuluka phokoso la madzi, kenako chete, kenako inalemba kuti mulibe kanthu. Ndinabwezera disiki mu kompyuta ya achimwene, n'kuyatsa. Inafika pa mzere uja, inadikira, n'kulemba kuti palibe.

Amayi anagonanso pang'onopang'ono. Sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanandikalipira.

Ndinaganiza zoti mawa ndinyamule masipika kupita nawo kutsidya, ndikaize nyimboyo komweko n'kuijambula pafoni. Kuwatenga amayi sikukanatheka, sakanatha kukhala pa njinga. Koma mvula imene inayamba usiku umenewo sinakate. Kutacha tinamva kuti Kanyungu wakwera pamwamba pa kalavati, palibe akuwoloka.

Masana amalume a Chikaonda anabwera atafunda thumba la feteleza, kudzaona mlongo wawo. Anawapeza ali m'tulo, choncho tinakhala pakhonde. Ine sindine munthu wofunsa akuluakulu mafunso. Koma tsiku limenelo ndinafunsa.

"Amalume, tsiku lija, pa Kanyungu munawauza achimwene?"

"Nathenje ndinamuuza. Diamphwe, Linthipe, ndinamuuza. Unalipo iwe."

"Pa Kanyungu."

"Pa Kanyungu panali madzi? Unali mchenga wokhawokha, mbuzi zikugona m'kalavati. Mtsinje ndi madzi, mwana iwe. Ndikanamuuza kuti tikuwoloka chiyani, fumbi?"

Ndinawauza za disiki, kuti kutsidya ikupezeka koma kuno ayi. Ndinawauza za mchenga pa sitepe, ndi za munthu wa a Layisoni. Anayamba kuseka, koma atamva za masokosi anasiya. Iwo ndi amene anawaveka achimwene, ndipo nsapato anazisiya dala, poti kwathu munthu sapita nazo m'manda.

Anavula chipewa n'kuchiyang'ana m'kati.

"Ndiye kuti anatsala pamenepo," anatero motsitsa. "Anaima kudikira mawu. Pouma akanatha kutilondola, koma iye ankadziwa kuti pamenepo ndi pamtsinje, anakulira pomwepo. Ndiye madzi abwera."

"Tichite chiyani?"

"Wamagazi ake apite kutsidya, akamutchule dzina, amuuze mtsinje, abwere naye mpaka kumanda osacheuka. Ndipita ndine. Koma madzi aphwe kaye. Mmene alilimu angakokolole ng'ombe."

Nsalu ya pakhomo inagwedezeka. Amayi anali ataima kuseri kwake, atagwira chitseko, ochepa thupi ngati mtsikana.

"Achimwene," anatero, "ndiye kuti mwana wanga wakhala akuima pamvula nthawi yonseyi?"

"Nangondo, kagoneni. Madzi akaphwa ndikamutenga ndekha."

"Amadwala chifuwa akanyowa. Kuyambira ali wakhanda."

"Kagoneni, achemwali."

Anabwerera m'nyumba osatsutsa. Amalume anachoka, ati akauze akuluakulu ena. Ndinawaphikira amayi phala, ndipo anadya masipuni angapo. Ndinasangalala. Ndinaganiza kuti nkhani ya amalume yawapatsa chiyembekezo. Anandipempha juzi ya achimwene, ija yobiriwira, ati akufuna kuitsamira. Ndinawapatsa.

Chakumadzulo kunada msanga chifukwa cha mitambo. Magetsi, amene anazima kuyambira m'mawa, anayaka mwadzidzidzi. Ndinalibe chatsopano choti ndiyese, koma manja anazolowera. Ndinalowa m'chipinda changa, ndinatseka chitseko kuti phokoso lisawadzutse amayi, n'kudina batani. Palibe. Ndinazimitsa, ndinayatsa. Palibe. Sindikudziwa kuti ndinabwereza kangati, mvula ikuwomba malata moti sindikanamva ngakhale munthu akanafuula m'chipinda chinacho.

Kenako ulendo wina kompyuta inalira kamodzi, inapeza memore, inafika pa mzere uja, ndipo dzina la disiki linatuluka.

Pansi pake pali mzere wa disiki yachiwiri. Pamenepo sindinalumikize kanthu, chingwe chake chinkangolendewera m'bokosi. Koma kompyuta inaima pamenepo, ikuphethira, ngati yamva china. Inalemba tizilembo tosawerengeka, n'kupitirira.

Sindinafune kuganiza. Ndinatsegula foda ija, ndinakweza masipika, n'kuthamangira kuchipinda kwa amayi.

"Amayi, bwerani, apezeka."

Mphasa inali yoyala bwino. Juzi panalibe. Ambulera imene imakhala kuseri kwa chitseko panalibe, ndipo chitseko chakumaso chinali chotsegula, mvula ikulowa mpaka pakati pa balaza.

Kumbuyo kwanga nyimbo inayamba. Gitala kaye, kenako besi ya achimwene, yodzaza nyumba yonse, mmene ndinkaidziwira. Inali nyimbo yosavuta, yonena za mayi woperekeza mwana kusukulu m'mame. Ndinaima pakati pa nyumba, madzi akundinyowetsa mapazi. Vesi yachiwiri itayamba, pamwamba pa besi panalowa mawu ena, a munthu wamkazi, opyapyala, onjenjemera pang'ono pokweza. Mawu amenewo ndinakula nawo. Ankatiimbira potisambitsa. Amayi sanapondeko ku Kawale chibadwire.

Ndinathamanga opanda nsapato. Ndinapeza a Layisoni ndi anthu ena ataima tsidya lathu la Kanyungu, tochi zili m'manja. A Layisoni atandiona anayang'ana pansi.

"Ndinawaletsa, achemwali. Ndinawagwira mkono. Anati ndisiye, mwana akuzizidwa." Analoza mtsinje ndi tochi. "Anafika kutsidya, sindikudziwa kuti anafika bwanji. Tinawamva akutchula dzina. Pobwerera anali atatambasula ambulera chonchi, kumbali, ngati akufunditsa munthu wamtali. Anafika pakati."



Amayi tinawapeza kutacha, kumunsi, m'bango la tsidya linalo. Juzi sinapezeke.

Madzi anaphwa tsiku lomwelo, ngati anangodikira zimenezo. Amuna anakonza machira kuti awanyamule kubwera nawo kumudzi. Ndisanapite nawo ndinalowa m'chipinda changa. Kompyuta inali ikadayaka, nyimbo ikubwerezabwereza yokha, awiriwo akuimba. Amalume anaima pakhomo n'kumvetsera.

"Ali muno onse," anatero. "Mayi ako anamuwolotsa, koma wowaperekeza kumanda panalibe. Abwera kunyumba."

"Asiyeni akhale, amalume."

"Ukudziwa kuti sizitheka. Lero akuimba. Mawa adzafuna wachitatu." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Pa mtsinje paja pakufunika mawu. Anga anakanika kale. Watsala ndiwe."

Ndikanatha kujambula nyimboyo pafoni. Ndinayesa. Foni inagwira phokoso la madzi lokha.

Choncho tinapita. Amuna ananyamula machira kuchokera m'bango, anakwera nawo mumsewu, ndipo atafika pa kalavati anaima, onse akuyang'ana ine. Ine amene sindinayankhepo funso m'kalasi mokweza. Ndinaika chala pa mtengo wa machira, n'kugogoda.

"Amayi. Achimwene a Sositeni. Tikuwoloka Kanyungu. Tikupita kumanda, musatsale."

Amene anali kutsogolo anandiuza pambuyo pake kuti machira analemera pamenepo, moti anasinthana mapewa. Palibe anacheuka.

Titaika maliro, anthu atabalalika, ndinalowa m'chipinda changa. Munali zii. Sikirini inali yakuda. Ndinakhala pansi nthawi yaitali, kenako ndinadina batani. Kompyuta inalira kamodzi. Tsiku linali lolondola, wotchi ikuyenda. Inapeza memore, inapeza choliza ma CD, inafika pa mzere uja. Sinadikire ngakhale pang'ono. Ndinaika khutu pa disiki, ndipo munalibe madzi, munalibe kugogoda, munalibe chilichonse. Ndinapita nayo ku shopu ya fotokope, kenako ndinabwera nayo kuno ku Lilongwe, ndinaiyesa pa makina aliwonse amene ndinawapeza. Sinapezekenso.

Ndiye mukandimva pa mlatho, ngakhale pa kangalande kouma, musandiseke. Sindidziwa amene akunditsata, ndipo sindifuna wina atsale.

Nyimbo ija mawu ake ndikuwakumbukira onse. Koma chaka chino ndayamba kuona chinthu china. Ndikawaganiza amayi, nkhope ilipo, pakamwa pakuyenda.

Sonkhezerani makalawo, kwazizira.